Kuwedza walleye madzi atadzaza ndi kuvunduka

Mapepala ndamaliza kuchonga, ndiye ndati lero ndilembe nkhani imene ena mwa inu mwakhala mukundikumbutsa. Amene munali mu Fomu 3 nditangobwerako kusukulu ku America mukukumbukira kuti tikafika pa mutu wa diso mu Bayoloje ndinkatseka buku n'kuyamba kukamba za nsomba ina yotchedwa walleye mpaka belu kulira. Mmodzi wa inu, amene pano ndi mphunzitsi mnzanga, akuti ana ake akukana zoti munthu wanzeru zake angaime maola anayi m'madzi ozizira ngati a m'firiji chifukwa cha ndiwo. Ndiye nayi nkhaniyo, mukawawerengere.

Ndinakhala ku Ohio kuyambira mu Ogasiti 2014 mpaka pakati pa 2016, pafupi ndi mzinda wa Toledo. Mzindawu uli pamene mtsinje wa Maumee umathira m'nyanja ya Erie, imodzi mwa nyanja zisanu zija zimene a Jogalafe mumavutitsa nazo ana. Maumee umayambira ku Fort Wayne m'chigawo cha Indiana ndipo umayenda makilomita pafupifupi 220. Dera limene umadutsa linali dambo lalikulu lotchedwa Great Black Swamp, koma m'zaka za m'ma 1800 anthu analikumba ngalande n'kuliumitsa. Lero ndi minda ya chimanga ndi soya yokhayokha, yosalala ngati bwalo la mpira. Choncho mvula ikagwa kapena chipale chikasungunuka, madzi a m'minda yonseyi amatsikira mu Maumee atasenza dothi. Mtsinje umaoneka ngati tiyi wamkaka. Ukaviika mkono mpaka m'chigongono, zala zako suziona.

M'madzi oterewa ndi m'mene walleye imakwera chaka chilichonse mu Malichi ndi Epulo, kuchoka m'nyanja kukaikira mazira pa miyala ya mumtsinje. Ndi nsomba yaitali, yagolide mosakanikirana ndi kubiriwira, yoyera kumimba, ndipo kunsonga ya mchira chakumunsi ili ndi kadontho koyera. Mano ake ndi akuthwa ngati a mcheni, ndipo pamsana pali minga yobaya munthu wogwira mosasamala. Dzina la sayansi ndi Sander vitreus, ngakhale mabuku akale amati Stizostedion vitreum. Zambiri zimene anthu amagwira mumtsinje ndi zazimuna za kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Zazikazi zokhwima zimafika makilogalamu anayi kapena asanu, ndipo yaikulu kuposa zonse m'kaundula wa Ohio inagwidwa mu Erie mu 1999, yolemera makilogalamu 7.3.

Tsono diso lija. Kuseri kwa retina kuli kansalu konyezimira kotchedwa tapetum lucidum, kamene kamabweza kuwala kuti kudutsenso kachiwiri pa maselo oonera. Ndi komweko kamene kamawalitsa maso a mphaka kapena a fisi mukawaunika ndi tochi usiku. Ndiye m'chizimezime walleye imaona kansomba kakang'ono kansombako kasanaione. Dzuwa likawala pa madzi oyera imathawira pansi. Kukachita mitambo, madzi atavunduka pang'ono, ndi pamene imayenda momasuka. Madzi akada kwambiri moti ngakhale diso limenelo lalephera, imadalira mzere wa m'mbali mwa thupi uja ndinkakujambulitsani pa chambo, umene umamva kugwedezeka kwa madzi.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mkulu amene ndinkachita lendi m'nyumba mwake, bambo wopuma pantchito ya pafakitale ya magalimoto, wosalankhulalankhula. Chaka cha 2015 tinachedwa kuyamba. Febuluwale anazizira modetsa nkhawa, mtsinje unaundana, ndipo mu Malichi ayezi atasweka anaunjikana n'kutseka njira ya madzi. Zibuma za ayezi zazikulu ngati zitseko zinasefukira kumtunda mpaka kugwetsa ziliza kumanda a Riverside m'tauni ya Maumee. Mkuluyo ankangoti tidikire. M'mawa uliwonse, asanamwe khofi, ankaona manambala awiri: kutentha kwa madzi ndi msinkhu wa mtsinje.

Manambala awiriwa ndiwo nkhani yonse. Walleye imaikira mazira madzi akafika madigiri 6 mpaka 10. Zazimuna zimafika msanga n'kukhalitsa, zazikazi zimabwera, kuikira usiku, n'kubwerera kunyanja. Mvula yofunda ikagwa, mtsinje n'kukwera, gulu latsopano limalowa kuchokera kunyanja. Koma madzi okwera chifukwa cha chipale chosungunuka amatsitsa kutentha, ndipo nsomba zimangokhala duu pansi ngati ana a Fomu 1 tsiku loyamba. Msinkhu wa mtsinje amauyeza pa mlatho wa msewu wa I-475, m'mafiti kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere. Nambala imene msodzi aliyense ankaidziwa ndi 582. Madzi akakhala pansi pa pamenepo anthu ankaoloka ndi miyendo kupita pa chilumba cha Bluegrass, ku Side Cut Metropark. Akapitirira, njira yoolokera inkatsekedwa, ndipo anthu ankasamukira kumunsi, ku Orleans Park ndi ku White Street, kumene mtsinje ndi wotambalala.

Chovala chake amachitcha waders, buluku la mphira lolumikizana ndi jombo, lofika pachifuwa. M'kati umavala mabuluku awiri ndi masokosi okhuthala, ndipo m'chiuno, kunja kwake, umamanga lamba wothina. Lambayo si wa fasho ayi. Ukaterereka pa mwala opanda lamba, madzi amalowa n'kudzaza chovala chonse, ndipo kudzuka nacho m'madzi othamanga ndi ntchito. Madzi a madigiri 5 akakukhudza pachifuwa umakoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi umakoka madziwo. Pakangopita mphindi zochepa zala zimakana kugwira kanthu. Mkulu uja anali ndi lamulo lake: madzi amene suona pansi pake usalowemo kupitirira m'maondo, ndipo phazi ulikhwekhwereze, usalinyamule. Ankaikanso kamtengo m'mphepete mwa madzi tikamayamba, n'kumakayang'ana. Mvula imene yagwa ku Indiana dzulo imafika pa iwe lero kumwamba kuli mbee.

Anthu ake ndiye musanene. Loweruka labwino amaima mazanamazana m'madzi, phewa ndi phewa, ngati pa mzere wa feteleza wa makuponi. Ena achokera ku Michigan, ena ku Indiana, ena ayenda usiku wonse. Chodabwitsa n'chakuti mkangano ndi wochepa. Wakumunsi amaponya poyamba, wotsatira pambuyo pake, choncho zingwe zimayenda limodzi osakolana. Wina akakola nsomba amafuula, ndipo oyandikana naye amakulunga zingwe zawo kuti amupatse mpata. Palibe amene anawalembera zimenezi pa bolodi.

Nyambo yake si nyongolotsi. Pa chingwe amaika mtovu, kenako kachingwe kena kotalika ngati mita imodzi, ndipo kumapeto kwake kamutu koyandama kokhala ndi mbedza imodzi, kovekedwa kamchira ka pulasitiki kopotana. Mtovu umagunda pansi, kanyamboko n'kumayandama pamwamba pang'ono pa miyala, pamene pali pakamwa pa nsomba. Umaponya chopingasa, chakumtunda pang'ono, n'kukweza nsonga ya ndodo, madzi n'kumakokera zonsezo kumunsi. M'dzanja umamva mtovu ukugunda miyala, ti, ti, ti. Ngati sukumva kanthu, mtovu wapepuka ndipo nyambo ikudutsa pamwamba pa nsomba. Ngati ukungokodwa, walemera. Madzi akakhala abwinobwino magalamu 10 kapena 14 amakwana. Akadzaza umafuna 21, nthawi zina 28. Msodzi wodziwa amasintha mtovu kangapo m'mawa umodzi, ndipo amayenda ndi yambiri m'thumba chifukwa miyala ya Maumee imalandira msonkho wake tsiku lililonse.

Kudya kwa walleye m'madzi ozizira sikuli ngati kwa mlamba umene umathawa ndi chingwe. Kugunda kuja kumangosiya, ndodo n'kulemera ngati yakola chiguduli chonyowa. Basi. Masiku oyamba chilichonse chimamveka chimodzimodzi, mwala, nthambi, nsomba, ndipo zala zimakhala zitachita dzanzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa ndiye maso a walleye.

Mbali imene ndimaikonda kwambiri, monga mphunzitsi wa sayansi, ndi ya madzi odzaza. Mtsinje ukakwera, alendo amaponya kutali ndi mphamvu zawo zonse, pakati penipeni pamene madzi akuthamanga. Mkulu uja ankaponya pafupi, mamita asanu kapena khumi, nthawi zina ataima pamtunda osanyowetsa n'komwe jombo. Ndipo ndi iye amene ankagwira. Chifukwa chake chili mu Fizikisi ya Fomu 2. Madzi amayenda pang'onopang'ono pamene akukhuzana ndi chinthu, ndiye kuti pansi penipeni ndi m'mbali. Nsomba imene yasambira makilomita ambiri kuchokera kunyanja, mimba itadzaza mazira, m'madzi ozizira amene amachedwetsa zonse za m'thupi mwake, singawononge mphamvu kulimbana ndi mkokomo wa pakati. Imatsamira kugombe. Imabisala kuseri kwa mtengo wogwa, kuseri kwa mwala waukulu, m'kati mwa pokhota mtsinje, ngakhale pa udzu umene sabata yatha anthu ankaimikapo mipando. Malo abwino kuposa onse ndi pamene madzi othamanga akumana ndi odekha. Pamwamba pamaoneka kamzere ka thovu ndi zinyalala. Nsomba imakhala mbali yodekha, mutu utaloza kumtunda, kudikira chimene mbali yothamanga ibweretse.

Madzi akada amafupikitsanso kachingwe ka nyambo, mpaka theka la mita, kuti nyambo isatalikirane ndi pansi. Za mtundu wa kamchira ndiye pali mipingo iwiri yosagwirizana. Ena amati wowala kwambiri, wachikasu chobiriwira, wa olenji kapena wapinki. Ena amati wakuda, chifukwa m'matope chimene chimaoneka ndi chithunzithunzi osati mtundu. Ndinaona onse akugwira ndipo ndinaona onse akubwerera chimanjamanja. Maganizo anga ndi akuti mtundu ndi nkhani yocheza nayo pogula nyambo. Chofunika ndi chakuti nyambo idutse pafupi ndi mphuno ya nsomba, ndipo idutse pang'onopang'ono, chifukwa nsomba yozizidwa sithamangitsa chakudya.

Pali chinthu china chimene asodzi a kumeneko sakonda kuchikamba. Nsomba imene yabwera kudzaswana sikhala ndi njala kwenikweni. Ili pansi, ikutsegula ndi kutseka pakamwa popuma, ndipo zingwe mazanamazana zikudutsa. Nthawi zina kachingwe kamalowa pakamwa potseguka, madzi n'kukakoka mpaka mbedza kukola pa mlomo. Kodi pamenepo nsomba yadya? Mkulu uja nditamufunsa anangoseka n'kunena kuti nsomba siinamuuzepo.

Funso limeneli silachabe, chifukwa lamulo limagona pomwepo. M'zaka zimene ndinali kumeneko, kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Epulo, m'chigawo chimenechi cha mtsinje munthu ankaloledwa kuwedza kuyambira potuluka dzuwa mpaka polowa basi. Mbedza imodzi yokha, yosapitirira theka la inchi kukamwa kwake, ndipo mbedza za mano atatu zinali zoletsedwa. Nsomba yochepera mainchi 15, amene ndi masentimita 38, inkabwezedwa. Pa tsiku munthu ankatenga zinayi zokha. Ndipo nsomba imene mbedza yaikola pena paliponse osati m'kamwa, kaya pamsana, pamimba kapena kumchira, inkayenera kubwerera m'madzi nthawi yomweyo. Agemu ankakhala m'mitengo ya m'mbali ndi magalasi oonera patali, ena atavala ngati asodzi anzako.

Tsiku lina mu Epulo 2016, mtsinje uli pamwamba, ndinaima kuyambira mbandakucha wopanda kanthu. Chakumasana ndodo inalemera zenizeni. Nsombayo inkabwera chammbali, ikuzungulira, ndipo mkulu uja asanaione n'komwe anapukusa mutu. Itafika pafupi tinaona kuti ndi yaikazi, yaitali ngati mkono wanga wonse, mimba ili tuu, ndipo mbedza ili pa chipsepse cha pamsana. Ndinaigwira ndi manja awiri m'madzi momwemo, mkuluyo n'kuchotsa mbedza. Inakhala kanthawi m'manja mwanga ikupuma, diso lake lotuwa ngati galasi lakale, kenako inakankha kamodzi n'kuzimirira m'matope.

Abale, musaganize kuti zinali zophweka. Ndinali mwana wasukulu wa ndalama zowerengeka, laisensi ndinalipira, zala sindinkazimva, ndipo ndinakulira m'nyumba imene ndiwo ikalowa m'manja siibwerera. Mumtima ndinkawerenga kuti nsomba imeneyo ndi masiku angati a nsima. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Koma lamulolo ndimaligwirizana nalo, ndipo si chifukwa cha agemu. Nsomba zikaunjikana pa miyala yosaya kuti ziswane, munthu wokhala ndi mbedza yaikulu akhoza kungokoka mwamphamvu m'gulumo n'kumazikola pathupi imodzi ndi imodzi mpaka kudzaza thumba. Njira yokhayo yoletsera zimenezo ndi kukana nsomba iliyonse yokodwa pathupi, ngakhale ya munthu amene sanachitire dala, chifukwa wa gemu ali patali sangaone mtima wa munthu. Amaona pamene pali mbedza. Ndipo yaikazi ya msinkhu umenewo imanyamula mazira oposa 100,000.

Mwina mufunsa, monga ndinafunsira ine, kuti nanga bwanji osangotseka mtsinje wonse nyengo yoswana, monga timatsekera nyanja yathu chifukwa cha chambo? Yankho ndi lakuti walleye zambiri za mu Erie siziswana mumtsinje. Zimaswana pa miyala ya pansi pa nyanja yomweyo, chakumadzulo. Ndipo chaka chilichonse akatswiri a Ohio, Michigan, Pennsylvania, New York ndi Ontario amakhala pamodzi, kuyerekeza kuchuluka kwa nsomba, n'kugawana zimene zingagwidwe. Anafika pamenepa atapsa kale. M'zaka za m'ma 1960 walleye inatsala pang'ono kutha mu Erie chifukwa cha maukonde ndi zonyansa za m'mafakitale ndi m'mizinda. Mbale wake wotchedwa blue pike anatheratu, ndipo analengezedwa kuti kulibenso mu 1983. Mu 1970 anapeza mekyule m'nsomba, usodzi wamalonda wa walleye n'kuimitsidwa, ndipo mu 1972 America ndi Canada anasainirana pangano loyeretsa nyanjazi. Nsomba zitapuma zinabwerera. Zoswedwa mu 2003 zinali zochuluka moti anthu anazidya zaka zoposa khumi, ndipo 2015, 2018 ndi 2019 zinalinso zaka zabwino.

Komabe matope aja amene amathandiza msodzi ndi walleye yaikulu ndi mdani wa ana ake. Walleye simanga chisa ndipo silera. Imamwaza mazira pa miyala n'kuchoka. Mazira amagwera m'mipata ya nsangalabwi, m'mene madzi odutsa amawabweretsera okosijeni kwa masabata awiri kapena atatu. Dothi likatseka mipatayo, mazira amabanika. Ofufuza a ku Ohio State University anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti m'zaka zimene Maumee ndi Sandusky inadzaza kwambiri nthawi imene tiana tikutsikira kunyanja, tochepa kwambiri ndi timene tinapulumuka. Dothi lomwelo limanyamulanso fosiforasi wa feteleza. Masabata awiri ndisanafike, kumayambiriro kwa Ogasiti 2014, anthu pafupifupi 400,000 a ku Toledo ndi madera ozungulira anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi kwa masiku atatu chifukwa cha poizoni wa ndere zimene zinamera m'nyanja ndi chakudya chochokera m'minda. Ndinapeza mabotolo a madzi ataunjikidwabe m'galaja ya mkulu uja.

Apa ndi pamene ndinkakumbuka kwathu nditaima m'madzimo. Mpasa nayo imachoka m'nyanja kukwera Bua, North Rukuru ndi mitsinje ina kukaikira mazira pa nsangalabwi, ndipo imafuna miyala yoyera chimodzimodzi. Mu Bua yapirira chifukwa chigawo china cha mtsinjewo chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Kwina konse imakumana ndi dothi la m'minda ya m'mphepete, mono wotchinga njira, ndi katupe. Ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zikuluzikulu zamalonda m'nyanja yathu, inagwa chifukwa ankaitchera pa khomo la mitsinje ili ndi mazira. Ana a Fomu 4 a chaka chino ndinawafunsa amene anaionapo ntchila. Palibe anakweza dzanja. A Jogalafe ndi a Agirikacha, mukamaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka mudzitiitanako a Bayoloje, chifukwa mutuwo ndi umodzi.

Musaganizenso kuti kumeneko onse ndi angelo. Mu 2022, pa mpikisano wa walleye ku Cleveland, woyang'anira anakayikira nsomba za anthu awiri amene ankati apambana, anazitumbula, n'kupezamo mipira ya mtovu. Nkhani inakafika kukhoti ndipo anagona m'ndende masiku khumi. Amene mwayang'anirapo mayeso a MSCE mukudziwa nkhope imene munthu amapanga likasa likatuluka m'sokosi. Koma aliponso amene akukonza zinthu. Mu 2018 anagumula damu lakale la Ballville pa mtsinje wa Sandusky pafupi ndi Fremont, n'kutsegulira nsomba makilomita oposa 30 a mtsinje umene zinali zitatsekeredwa kwa zaka zoposa 100.

Zimene tinkagwira movomerezeka tinkazikonza pa tebulo kuseri kwa nyumba. Eni ake amachotsa mnofu wa mbali ziwiri, woyera, wopanda minga, n'kuuviika mu ufa ndi dzira n'kukazinga. Odziwa amachotsanso timinofu tiwiri ta m'masaya, tozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndipo amati ndi tokoma kuposa zonse. Zotsala zonse, mutu ndi msana, amataya. Tsiku loyamba ndinagwira dzanja la mkulu uja lili pamwamba pa bini. Kuyambira pamenepo mitu yonse inali yanga, pamodzi ndi ya anzake awiri amene anamva kuti pali munthu woifuna. Ndinkaiphika ndi tomato ndi anyezi, nsima ya ufa woyera wa m'sitolo ya anthu a ku Mexico pambali. Mkuluyo analawa msuzi kamodzi, anavomera kuti ndi wabwino, koma diso anakana.

Chakumapeto kwa Epulo madzi amafunda, mitengo imaphuka, walleye zimatsikira kunyanja, ndipo mumtsinje mumalowa nsomba ina yoyera yotchedwa white bass, imene imadya chilichonse chimene waponya. Ana ndi amayi awo amadzaza m'mbali mwa mtsinje ndi zidebe. Mkulu uja nthawi imeneyo ankapachika waders yake m'galaja n'kuyamba kukonza dimba la tomato.